FULASHI YOLOWETSA KHADI: KHASU NDI MPINI WAKE

Takumananso pa tsamba lathu lino, ndipo monga mwa nthawi zonse tikulemba tili kuno ku Mzuzu, kumene mvula yamawawa imatinyowetsa pamene anzathu kunyanja akuyanika usipa pa thandala. Ulendo uno tikambirana za kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kamene mabanja ambiri aikamo chuma chosagulika ndi ndalama: zithunzi za nikah, mawu a makolo amene anatisiya, ndi makalata a sukulu a ana athu. Tikunena memori khadi, pamodzi ndi kachipangizo kooneka ngati fulashi kamene khadilo limalowamo.

Tiyambe ndi kuulula kupusa kwathu, poti mphunzitsi wobisa kulakwa kwake saphunzitsa kanthu. Kumapeto kwa chigawo china cha maphunziro pa madrasa pathu, tinajambula pa foni ana athu akuwerenga pamtima, mmodzimmodzi, kuti makolo adzaone. Foni inadzaza. Tinalowa m'tauni nkugula khadi lolembedwa 64GB pa benchi ina, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'sitolo, ndipo tinabwerera kunyumba tikudzitama kuti timadziwa kunenerera. Tinasamutsira mavidiyo onse m'khadimo, tinaona maina ake onse atandandalika bwinobwino, ndipo tinafufuta a m'foni aja kuti tipeze malo ojambulira zina.

Tsiku la makolo litafika, mavidiyo oyambirira okha ndiwo anatseguka. Enawo maina analipo, koma m'kati munalibe kanthu. Mayi wina, amene amuna awo amagwira ntchito ku Johannesburg, anatiyang'ana nati, “Amwalimu, nanga bambo ake a mwanayu ndiwatumizira chiyani? Ndinawalonjezatu ine.” Tinasowa choyankha. Mnzathu wina wokonza makompyuta ataliyesa khadilo, anapeza kuti malo ake enieni sankaposa 8GB. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kufunsa ndi kuwerenga za tinthu timeneti, ndipo zimene tinapeza ndizo tikugawana nanu lero.

KODI KACHIPANGIZO KAMENEKA NKOTANI?

Fulashi wamba, imene ambiri timamangirira ku makiyi, ili ndi mbali ziwiri: mutu wachitsulo umene timalowetsa pa kompyuta kapena pa wailesi, ndi mtima wake umene umasunga zinthu. Mbali ziwirizi nzomatirana. Mutu ukapindika kapena kuthyoka, kupulumutsa za m'kati kumafuna mmisiri wodziwadi ntchito yake, ndipo fulashiyo ikadzaza, palibe kuchitira mwina koma kugula ina yathunthu.

Tsono pali mtundu wina umene ndi chigoba chabe. Kunja kumaoneka ngati fulashi, koma kuli kakhomo kakang'ono kolowetsapo memori khadi. Ogulitsa ambiri amaitchula kuti khadi rida. Yokha payokha siisunga kanthu, koma mukalowetsamo khadi, imagwira ntchito yonse ya fulashi. Ife timaiyerekeza ndi khasu ndi mpini. Mpini ukathyoka, mlimi sataya khasu: amasema mpini wina nkukhomera khasu lomwe lija. Rida ndi mpini, khadi ndilo khasu. Rida ikaonongeka, zinthu zanu zikadali m'khadi, ndipo mtengo wa rida ina ndi wochepa. Khadi likadzaza, mumangolitulutsa nkulowetsa lina lalikulupo. Ndi chifukwa chake ena amati ndi fulashi yokula.

Ubwino wina ndi wakuti khadi lomwelo limayenda m'zipangizo zambiri. Litha kuchoka m'foni, nkulowa m'rida, nkupita pa kompyuta ya pa malo osindikizira makalata, nkubwereranso m'kawailesi ka agogo, popanda waya ndiponso popanda kuononga bandulo ya intaneti. Marida ena ali ndi mitu iwiri: waukulu wa pa kompyuta ndi waung'ono wa pa foni. Mukamagula, yang'anani kakhomo kotchajira foni yanu, chifukwa mafoni akale ali ndi micro-USB pamene atsopano ali ndi USB-C, mtundu umene unatuluka mu 2014. Foni nayo iyenera kukhala yolola zimene amati OTG, kutanthauza kuti itha kuwerenga fulashi. Zimenezi zikuthandiza kwambiri masiku ano pamene mafoni ambiri okwera mtengo akubwera opanda malo a khadi.

Banja litha kukhala ndi rida imodzi ndi makhadi atatu: la zithunzi za banja, la maphunziro a ana, ndi la zomvera pa wailesi. Motero khadi lopita kunja kawirikawiri silisakanizana ndi losunga za m'nyumba.

KUMENE ZINACHOKERA

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira bokosi la makaseti limene linkakhala pamwamba pa kabati, ndi bolopeni imene tinkapotera tepi ikatafunidwa ndi wailesi. Kaseti ya C90 inkasunga mphindi 90 zokha. Diski ya kompyuta ya nthawi imeneyo, ija yamakona anayi, inkasunga 1.44MB, malo osakwanira ngakhale chithunzi chimodzi cha foni ya lero. CD itafika ndi 700MB, tinaona ngati tafika pamapeto a nzeru.

Komatu mbewu ya zimene tili nazo lero inali itafesedwa kale. Katswiri wa ku Japan, Fujio Masuoka, wa pa kampani ya Toshiba, ndiye anatulukira njira yosungira zinthu imeneyi m'zaka za m'ma 1980. Mu 1999 makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba anagwirizana kupanga khadi la SD, lija lalikulupo la m'makamera, lotalika mamilimita 32 ndi 24 m'lifupi. Mafulashi oyamba anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2000, ndipo ya IBM inkasunga 8MB zokha. Kakhadi ka m'foni, ka microSD, kanalandira dzina limeneli mu 2005. Nkotalika mamilimita 15, m'lifupi 11, ndipo kuchindikala kwake ndi milimita imodzi. Pofika mu 2019, kakhadi kofanana msinkhu ndi kameneka kanali katayamba kusunga 1TB, ndiye kuti pafupifupi 1,000GB.

Kuti timvetse manambalawa, tiwerengere limodzi. Mawu ojambulidwa bwino a MP3 amadya pafupifupi 1MB pa mphindi imodzi. Choncho maola 30 a ulaliki kapena kuwerenga Qur'an, amene kale akanadzaza makaseti 20 a C90, amalowa m'khadi la 2GB nkutsalako malo. Ngati chithunzi chimodzi chili ndi 3MB, khadi la 16GB litha kunyamula zithunzi pafupifupi 5,000. Mavidiyo ndiwo adyera, ndipo ndi amene amadzaza mafoni athu.

ZILEMBO ZA PA KHADI

Safunsa anadya phula. Tisanagule, tiwerenge zilembo za pa khadi. Lolembedwa SD chabe siliposa 2GB. Lolembedwa SDHC, mtundu umene unabwera mu 2006, limafika pa 32GB. Lolembedwa SDXC, la mu 2009, limayambira pamwamba pa 32GB mpaka 2TB. Kudziwa zimenezi nkofunika chifukwa tiwailesi tambiri ta m'nyumba, mawailesi a m'minibasi, mafoni akale ndi marida akale amathera pa 32GB. Mukawapatsa khadi la 64GB amangokhala duu, ndipo munthu amaganiza kuti khadi lafa, pamene vuto ndi lakuti chipangizocho sichidziwa kalembedwe ka khadi lalikulu. Makhadi aang'ono amakonzedwa m'kalembedwe kotchedwa FAT32, aakulu mu exFAT. FAT32 imamvana ndi zipangizo zambiri, koma siilandira vidiyo imodzi yoposa 4GB.

Muonanso nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C. Imeneyi ikutanthauza kuti khadilo limalemba 10MB kapena kuposa pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro limeneli ndi lokwanira ntchito za m'banja. Komanso musadabwe khadi lolembedwa 32GB likamaonetsa pafupifupi 29GB pa kompyuta. Uku si kuba ayi. Opanga makhadi ndi kompyuta amawerengera mosiyana.

KUZINDIKIRA KHADI LABODZA

M'dziko muno mulibe fakitale ya makhadi. Onse amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Motero khadi lotchipa limakopa aliyense, monga linatikopera ife. Achinyengo amatenga khadi laling'ono nkusintha ubongo wake kuti lizinena bodza. Foni ikalifunsa kukula kwake, limayankha kuti 64GB kapena 128GB. Mukamaikamo zinthu limalandira ndithu, nkumalemba maina, koma malo enieni akatha, zotsalazo zimangotayika, kapena zimafafaniza zimene munaika poyamba. Kawirikawiri wogulitsa pa benchi naye sadziwa, poti anaoda katunduyo ali m'mapaketi okongola.

Njira yodziwira ndi imodzi: kulidzaza khadilo musanalikhulupirire. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw, imene imalemba m'khadi lonse nkuwerenganso, kenako nkunena malo enieni. Ngati imeneyi palibe, dzazani khadilo ndi mavidiyo amene muli nawo kale kwina, litulutseni, lilowetseninso, ndipo mutsegule oyamba, apakati ndi omaliza. Onse akatseguka, khadilo ndi loona. Pogula, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukaliyesa ndipo mudzalibweza likapezeka lonama, ndipo ngati ndi m'sitolo tengani lisiti. Wamalonda woona sakana zimenezi. Nanunso amalonda amene mukuwerenga tsamba lino, khadi lonama ndi sikelo yonama. Yesani limodzi pa katoni iliyonse musanayale pa benchi.

KHADI NDI DENGU, SI NKHOKWE

Tsono tifike pa mfundo yaikulu. Ngakhale khadi loona, la kampani yodziwika, limafa. Khadi sililemba ndi inki. M'kati mwake muli tizipinda mabiliyoni, ndipo kalikonse kamatsekera kamphamvu kochepa ka magetsi. Kamphamvu kameneka ndiko chithunzi chanu, ndiko mawu a agogo. Nthawi iliyonse tikafufuta ndi kulembanso, makoma a tizipindato amaperepeseka pang'ono. Ndipo khadi likangokhala zaka zambiri osagwiritsidwa ntchito, kamphamvu kaja kamatha kuchucha pang'onopang'ono, makamaka pa malo otentha. Khadi losungidwa m'kachitini pansi pa malata ku Salima m'mwezi wa Okutobala lili pa mayeso aakulu. Kuno ku Mzuzu mdani wathu ndi chinyontho, chimene chimadetsa timizere tagolide ta kumsana kwa khadi ndi tizitsulo ta m'rida.

Onjezani apo kuchepa kwake. Kanthu kofanana ndi chikhadabo kakagwa mu mchenga pa doko, kapena m'minibasi ya pa msewu wa M5 wochokera ku Nkhata Bay, kapita basi. Kamatsalanso m'thumba la malaya nkupita kochapa. Choncho khadi tiziliona ngati dengu lonyamulira chimanga kuchokera kumunda, osati ngati nkhokwe. Palibe mayi amene amasunga chakudya cha chaka chonse m'dengu limene amapita nalo kumsika tsiku ndi tsiku.

Anthu a mu mzinda uno sitidzaiwala za pa 18 Disembala 2015, pamene moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga. Mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa tsiku limodzi. Mabuku amene anali ndi anzake m'malaibulale ena anatheka kupezekanso, poti abwenzi a m'dziko muno ndi akunja anasonkha. Koma pa moto wotere, pepala lililonse limene lilibe linzake kwina limapita mpaka kalekale. Ngati nyumba yaikulu ya njerwa, yokhala ndi alonda, inapsa, nanga kakhadi ka m'thumba mwathu? Chakudza sichiimba ng'oma. Chinthu chimene chili pa malo amodzi okha, tichiwerenge ngati chobwereka.

Apa ndi pamene rida imaonetsa phindu lake lenileni. Ndi rida imodzi ndi makhadi awiri, banja lopanda kompyuta litha kukhala ndi nkhokwe ziwiri. Lowetsani rida pa foni, kopererani zithunzi ndi mawu ofunika m'khadi loyamba, kenako m'lachiwiri. Limodzi likhale m'nyumba, m'kabotolo kouma kotseka bwino, pamthunzi, pamodzi ndi kapepala kolembapo za m'kati ndi chaka. Linalo likasungidwe kunyumba ina, kwa achimwene ku Chiputula kapena kwa amalume ku Nkhotakota, kuti moto, akuba kapena madzi osefukira asatenge onse awiri. Amene angakwanitse bandulo aikenso zofunikitsitsa pa intaneti, mwachitsanzo pa Google Drive, pamene munthu amapatsidwa 15GB zaulere. Ndipo kamodzi pa chaka, tinene kuti sabata yotsatira Eid pamene abale asonkhana, tulutsani makhadiwo, tsegulani zithunzi muone ngati zikadali moyo, ndipo pakapita zaka zingapo muzisamutsire m'khadi latsopano.

KASAMALIDWE KA TSIKU NDI TSIKU

Choyamba, musazule rida kapena khadi pamene likulemba. Khadi lili ndi tsamba lake la za m'katimu, lonena pamene chinthu chilichonse chili, ndipo mukalizula pakati pa ntchito tsamba limeneli limasokonezeka. Uzani foni kapena kompyuta kuti mukufuna kulichotsa, ndipo dikirani ikuloleni.

Chachiwiri, kompyuta ikakuuzani kuti khadi likufunika kufomata, musafulumire kuvomera, chifukwa kufomata ndi kusesa m'nyumba monse. Yesani kaye rida ina kapena kompyuta ina. Nthawi zambiri wolakwa amakhala mpini, osati khasu.

Chachitatu, mukafufuta chinthu mwangozi, lekani kugwiritsa ntchito khadilo nthawi yomweyo. Kufufuta kumangochotsa dzina pa tsamba lija, koma chinthucho chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kuchibweza. Ife mavidiyo athu sanabwerere chifukwa m'khadi labodza lija sanalembedwemo nkomwe, ndipo m'foni tinali titajambuliramo kale zina.

Chachinayi, chenjerani ndi mavairasi. Mukayenda m'tauni muno, kuyambira ku depoti mpaka ku Chibavi, mupeza anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa makompyuta awo. Akudzipezera chakudya, ndipo ambiri ndi aulemu. Koma kompyuta imene imalandira makhadi ambirimbiri pa tsiku ili ngati chitsime chimene aliyense amaviikamo ndowa yake. Pali vairasi yofala imene imabisa mafoda anu nkusiya zithunzithunzi zake zokha. Zinthu zanu zimakhala zilipo koma zabisika, choncho musafomate, pitani kwa wodziwa. Amene muli ndi adaputa ija yaikulu ya SD, imene kakhadi ka foni kamalowamo, ili ndi kabatani m'mbali kolembedwa Lock. Mukakatsitsa, marida ambiri amakana kulemba chilichonse m'khadimo.

ZA M'NYUMBA NDI AMANA

Mfundo yachitatu ija ili ndi nkhope ina imene makolo ayenera kuidziwa. Ngati wodziwa atha kubweza chithunzi chimene mwafufuta mwangozi, athanso kubweza chimene munafufuta dala. Khadi limene munasungiramo zithunzi za amayi ndi atsikana ali m'nyumba mwawo, zithunzi za ziphaso za unzika, kapena makalata a kuchipatala, si lobwereketsa, si logulitsa, ndipo si lopita nalo kobenetsa nyimbo. Mukamasiya foni kwa wokonza, tulutsani kaye khadi. Chithunzi chikangofika pa WhatsApp chili ngati madzi, akatayika saoleka, ndipo manyazi ake amagwera banja lonse. Zithunzi za anthu a m'nyumba mwathu ndi amana imene tinasungitsidwa. Nanunso anyamata okonza mafoni ndi obena nyimbo, khadi la munthu ndi chipinda chake chogona. Musalowemo osaodira.

Makolo azidziwanso zimene zili m'makhadi a ana awo. Kakhadi kamodzi kamanyamula mabuku a sukulu a chaka chonse, koma kamanyamulanso zolaula, ndipo kamasinthana manja kuseri kwa kalasi popanda intaneti iliyonse. Sitikunena kuti tizichita kafukufuku ngati apolisi. Tikhale nawo pansi anawo, tiwafunse ationetse, ndipo ifenso tiwaikire zabwino zoti amvere ndi kuonera.

Nkhani ya pa madrasa pathu inatha motere: sabata yotsatira tinawaitananso ana aja, tinawajambulanso, ndipo bambo wa ku Johannesburg uja analandira vidiyo ya mwana wake, ngakhale mochedwa. Tinachita mwayi chifukwa ana analipo ndipo akanatha kuwerenganso. Koma si zonse zimene zimajambulikanso. Nikah imachitika tsiku limodzi. Agogo amene anafotokoza mbiri ya mtundu wanu pa khonde, mwina chaka chamawa sadzakhalapo. Choncho musadikire kope lotsatira. Sabata ino, funsani m'nyumba mwanu kuti ndi chiyani chimene chili m'foni imodzi yokha kapena m'khadi limodzi lokha, ndipo chipezereni malo achiwiri.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, tilembereni kudzera kwa mkonzi. Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalamu alaikum.